Nyumba za Cipumi za ku England

M'mizinda ina yakale ya ku England muli nyumba zimene munthu wa kwathu kuno akaziona pa cithunzi amayamba waseka. Nyumbazo nzosanja, koma cipinda capamwamba ncacikuru kuposa capansi, ndipo cimatulukira kunja pamwamba pa mseu monga cipumi ca munthu. Mu mzinda wa York muli kamseu kochedwa Shambles, kumene kale kunali ogulitsa nyama. M'menemo nyumba za mbali iyi ndi za mbali inayo zayandikana kumwamba, kotero kuti dzuwa limalowamo pang'ono cabe.

Ine ndine munthu wa ku Nkhamenya, ndipo ndakulira m'nchito yodula mitengo, kuimika zigafa za fodya ndi kufolera nyumba. Tsono nditaona zithunzizo ndinafuna kudziwa cimene amisiri a kumeneko anali kulinga, pakuti mmisiri sataya mtengo pacabe.

Mamangidwe amenewa anafala kuyambira zaka za m'ma 1300 kufikira zaka za m'ma 1600. Anthu ambiri amazichula nyumba za Tudor, potsata banja la mafumu limene linalamulira England kuyambira 1485 kufikira 1603, caka cimene inamwalira Mfumukazi Elizabeth I. Koma kunena zoona, nyumbazi zinayamba kumangidwa banjalo lisanalowe ufumu.

Cimene cinandidabwitsa ndi ici, kuti khoma la nyumba zimenezi silisiyana kwenikweni ndi khoma la agogo athu. Amisiri anali kuimika nsici ndi mitanda ya mtengo wolimba wochedwa oak. M'mipata mwake anali kulukamo timitengo, nkumatapo dothi losanganiza ndi udzu ndi ndowe za ng'ombe. Nanga si momwemo timacitira ife pomanga mbariro ndi luzi, nkumata? Inu nonse mudziwa kuti mdani wa khoma lotere ndiye mvula. Kuno kwathu mvula imalimba kuyambira December kufikira March, pambuyo pake khoma lipumula. Ku England imagwa mwezi uli wonse. Cipinda capamwamba cikatulukira kunja, madzi ocokera padenga amagwera kutali, ndipo khoma lapansi ndi matsinde a nsici zimakhala zouma.

Cifukwa cina cinali malo. Mizinda yambiri ya masiku amenewo inali yozingidwa ndi malinga, ndipo anthu anali kupanikizana m'katimo. Munthu anali kukhala ndi kamalo kopapatiza koyang'ana kumseu. Pansi anali kugulitsirapo malonda, pamwamba nkumagona iye ndi banja lake. Sakanatha kusendeza khoma lapansi kulowa mumseu, koma kumwamba anali kuonjezera phazi limodzi kapena mapazi awiri. Ife bvuto limeneli sitinalidziwe. Banja likakula timangomanga nyumba ina pambali, anyamata kumphala, khichini payokha.

Koma nzeru imene inandikondweretsa koposa ndiyo ya mitanda. Ali yense amene anapacikapo fodya m'cigafa adziwa kuti mtengo wautali ukagonekedwa pa mafoloko awiri, nkuusenzetsa katundu, umapindika pakati. Fodya wamuwisi ngwolemera, ndipo ndaonapo mikangala itawerama mpaka masamba kukhudza pansi. Amisiri a ku England anali kugoneka mitanda ya cipinda capamwamba mopitirira khoma lapansi, ndipo khoma lapamwamba anali kuliimika pa nsonga zopitirirazo. Kulemera kwa khomalo ndi kwa denga kumakanikiza nsongazo pansi, ndipo potero pakati pa mtanda pamalimba osawerama. Yesani nokha ndi bango: ligonekeni pa miyala iwiri, nsonga zake zipitirire, ndipo mukanikize nsongazo. Mudzaona pakati pakunyamuka. Kuonjezera apo, cipinda ciri conse cinali ndi nsici zakezake zazifupi, kotero panalibe kufunafuna mtengo wautali wofika kudenga. Ife a ku Kasungu, amene mitengo yathu yambiri yathera m'mabani a fodya, tiyenera kumvetsa cimeneci msanga, pakuti lero muwanga wowongoka umapezeka mobvuta.

Kunyada nakonso kunalipo. Wamalonda wolemera anali kulemba amisiri kuti asemeseme maluwa ndi nkhope pa mitanda yotulukirayo, kuti odutsa adziwe kuti pakhomopo pali cuma.

Cimene cinathetsa mamangidwe amenewa mu London ndi moto. Pa 2 September 1666 moto unabuka m'nyumba ya munthu wophika buledi mu Pudding Lane, ndipo unayaka masiku anai. Unatentha nyumba zoposa 13,000 ndi machalichi 87, pamodzi ndi chalichi cacikuru ca St Paul's. Nyumba zinali za mitengo, ndipo popeza zipumi zake zinali pafupi kukhudzana, moto unali kulumpha mseu mosabvuta, monga umalumphira kanjira m'chire louma la mwezi wa October. M'caka ca 1667 boma linakhazika lamulo lakuti nyumba zatsopano za mu London zizimangidwa ndi njerwa kapena miyala, makoma ake oongoka kuyambira pansi kufikira pamwamba.

Angerezi ndi Askochi atafika m'dziko lathu sanamange nyumba za cipumi. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, njosanja, koma makoma ake amachinjirizidwa ndi khonde. Ndipo khonde si cinthu cacilendo kwa ife. Nyumba yozungulira ya agogo inali ndi tsindwi lopitirira khoma kutali, locirikizidwa ndi nsanamira, lotsika mpaka munthu kuwerama polowa. Denga la nkhokwe nalonso limaposa nkhokweyo kukula.

Cimene cimandiwawa mtima ndico nyumba zatsopano zimene ndimaziona m'mbali mwa mseu wa ku Jenda. Mlimi akagulitsa fodya amagula malata, ndipo malata ngodula. Tsono mmisiri amauzidwa kuti awerengere bwino, denga lipitirire khoma ndi cikhato cimodzi cokha. Nyumba imaoneka yokongola caka coyamba. Mvula ikagwa zaka zitatu, dothi la pakati pa njerwa limayamba kukokoloka, tsinde la khoma nkudyeka, ndipo ndarama imene mwini wake anaisunga pa malata amaipereka kwa wogulitsa simenti. Pomanga khichini caka cino ndauza ana anga kuti mapaso apitirire khoma ndi mkono wathunthu, ngakhale udzu wofolera tsopano timacita kugula.