Akulu Anga Amene Sitinayamwe Bere Limodzi

Dzina loti Chibolya likatchulidwa mu Lusaka, anthu ambiri amayamba ndi kupukusa mutu. Amaganiza za chamba, za mbava ndi za apolisi obwera m'bandakucha. Akuti dzinali ndi la Chibemba, ndipo tanthauzo lake ndi bwinja, mudzi umene eni ake anausiya. Koma ife obadwira kumeneko tidziwa kuti m'komboni imeneyi, yoyandikana ndi msika wa Soweto ndi Kanyama, muli amayi odzuka tambala woyamba kukaoda ndiwo zogulitsa, muli abambo okankha mawilibala tsiku lathunthu, ndiponso muli ana ochuluka, ena mwa iwo opanda wowayang'anira. Ine ndinali mmodzi wa ana otere. Nkhani imene ndifuna kukambirana nanu, owerenga okondedwa, ndi ya ana okulira m'nyumba zosungiramo ana, ndiponso ya anthu amene anawo amawamvera koposa wina aliyense, ndiwo anzawo amene anayendapo kale pa njira yomweyo.

Amayi anga anatisiya m'chaka cha 2000, nthawi imene matenda a Edzi anali kupululutsa mabanja m'makomboni ndipo mankhwala otalikitsa moyo anali asanayambe kuperekedwa ulere. Maliro atatha, abale anagawana mbale ndi mipando mosachedwa, koma itafika nkhani ya ana aliyense anayang'ana pansi. Ndinatha miyezi isanu ndi itatu ndikugona m'makhonde a masitolo m'tauni, kunyamulira anthu katundu ku Soweto, ndi kununkhiza sitika kuti ndisamve njala ndi mphepo ya mu Juni. Pambuyo pake anthu achifundo ananditengera ku nyumba ina yosungiramo anyamata. Apo nkuti ndili ndi zaka 11.

Masiku oyamba

Anthu akunja amayesa kuti mwana wochokera mumsewu akangopatsidwa bedi, bulangeti ndi nsima, mtima wake umakhala pansi pomwepo. Si mmene zimakhalira ayi. Belu, malamulo ndi mpanda zimamkumbutsa ndende. Thupi limalira sitika, mutu umawawa, tulo sitibwera. Mumsewu anali ndi kandalama kakekake ngakhale kochepa. Pano ayenera kupempha chilichonse. Nchifukwa chake ana ambiri amathawa m'masabata oyamba omwewo. Otisamalira ambiri anali anthu abwino, koma malangizo awo ankalowera khutu ili nkutulukira linali, pakuti mumtima ndinkati: awa sanagonepo pa katoni, adziwa chiyani?

Amene anandigwira kuti ndisathawe anali mnyamata wa zaka 16 wochokera ku Chawama, amene anali atakhala m'nyumbamo zaka zinayi. Kuyambira tsiku limenelo kufikira lero ndimawatcha akulu anga. Iwo sanandilalikire. Anangondiuza kuti, "Iwe mwaiche, mutuwo udzasiya kuwawa. Nanenso unandiwawa chimodzimodzi. Pirira mpaka Sande, ukafunabe kupita ndidzakuperekeza ndekha pageti." Sande itafika anawonjezerapo Sande ina. Nditakodza pogona, monga amachitira ana ambiri amene anaona zoopsa, ankandidzutsa kusanache kuti tichape bulangeti anzathu asanaone. Nditachita manyazi kukhala m'Giredi 2 pamodzi ndi tiana tondilekeza m'chiuno, ankandiphunzitsa kuwerenga madzulo ndi nyuzipepala zakale. Zinthu zimenezi nzazing'ono, koma ndizo zinandisunga.

Nzeru imeneyi si yachilendo mu Mpingo wathu. Ku Turin, m'nyumba imene Don Bosco ankasungiramo anyamata osauka, Dominic Savio ali ndi zaka 14 anayambitsa kagulu ka anzake m'chaka cha 1856. Mwa ntchito zawo, aliyense ankadzisankhira mnyamata watsopano kapena wovuta, nkumayenda naye ndi kumlimbitsa mtima. Don Bosco anazindikira kuti alipo mawu ena amene wansembe sangawafikitse mumtima wa mwana, koma mwana mnzake angathe.

Kulankhulira wopanda mawu

Ntchito yachiwiri ya mkulu wotere ndi yolemera kuposa yoyamba. M'nyumba mwathu munabwera wosamalira wina wa dzanja lolemera. Mwana akakodza pogona ankamkwapula ndi kummana chakudya chamadzulo, ndipo zonsezi zinkachitika oyang'anira nyumba atapita kwawo. Ang'onoang'ono tinakhala chete, poopa kuti tikalankhula atibwezera kumsewu. Akulu anga anasonkhanitsa anyamata ena atatu a msinkhu wawo, nakagogoda pa ofesi. Anafotokoza mwaulemu tsiku, nthawi ndi zimene anaona ndi maso awo. Oyang'anira anafufuza, munthu uja anachotsedwa, ndipo kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse madzulo tinkakhala pansi ndi oyang'anira kunena zakukhosi, akuluakulu athu ndiwo ankayamba kuti ang'ono tilimbe mtima.

Masiku ano malamulo ali kumbali ya mwana. Pangano la United Nations la maufulu a ana la 1989, limene dziko la Zambia linavomereza mu 1991, limanena kuti mwana ayenera kumvedwa pa nkhani zonse zomkhudza. Lamulo lathu la ana la 2022, lotchedwa Children's Code Act, linaletsa chilango chomenya mwana. Iliponso nambala ya foni yaulere, 116, imene mwana aliyense wovutitsidwa angaimbe. Zonsezi nzoyamikika. Komabe lamulo lolembedwa papepala sililowa lokha m'chipinda chogona usiku, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sangapite yekha kukanenera munthu wamkulu. Pafunika wina amene mwanayo amamkhulupirira, wodziwa khomo loyenera kugogoda. Paja akuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Pano ndichenjeze pang'ono. Si mnyamata kapena mtsikana wamkulu aliyense amene angapatsidwe udindo umenewu, pakuti m'nyumba zina akuluakulu omwewo ndiwo amalanda chakudya ndi kuzunza ang'ono. Wotsogolera anzake ayenera kusankhidwa mosamala, kuphunzitsidwa, ndi kukhala ndi munthu wamkulu womyang'anira. Ayenera kudziwa kuti chinsinsi cha mwana wokodza pogona nchosunga, koma chinsinsi cha mwana wogwiriridwa kapena womenyedwa nchosasunga ngakhale usiku umodzi. Salowa m'malo mwa asisitere, aphunzitsi kapena a ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Iye ndi mlatho pakati pa mwana ndi anthu amenewa.

Zimene zikuchitika mu mzinda wathu

Kafukufuku wa Boma wofalitsidwa mu 2017 anapeza ana 6,413 m'nyumba zosungiramo ana 178 m'dziko muno. Zina mwa nyumbazi nza Mpingo wathu: Kasisi, kumene asisitere a Little Servants of Mary Immaculate akhala akulera ana kwa zaka zambirimbiri, City of Hope ya asisitere a Salesian ku Makeni, Home of Hope ku St Lawrence pafupi ndi Misisi, ndi Mthunzi, ya gulu la Koinonia limene anayambitsa Bambo Renato Kizito Sesana a chipani cha Comboni. Ku Kamwala kuli Fountain of Hope, imene inayamba mu 1996. Ana ambiri a m'nyumba zotere si amasiye a mbali zonse ayi. Ali ndi kholo kapena wachibale wamoyo, koma umphawi, matenda ndi ndewu zam'banja ndizo zinawatulutsa pakhomo.

Mphamvu ya achinyamata pothandiza anzawo taiona ndi maso. Gulu la zisudzo la Barefeet linayamba mu 2006, pamene Adam McGuigan wa ku Ireland anagwirizana ndi achinyamata amene anakhalapo mumsewu, ndipo achinyamata omwewo ndiwo anakhala aphunzitsi a ana ena kudzera m'magule, ng'oma ndi masewero. Patapita zaka, anyamata okulira m'Chibolya mwenimweni, mmodzi wa iwo Gift Chansa, anayambitsa Circus Zambia, nayamba kuphunzitsa ana a m'komboni masewera ogaduka pamodzi ndi kuwalimbikitsa pa sukulu. Mwana akaona munthu wa kwawo, wolankhula ngati iye, ataimirira pamaso pa khamu la anthu likumuombera m'manja, amayamba kukhulupirira kuti naye angathe.

Tsiku lotuluka

Tsiku loopsa koposa m'moyo wa mwana wa m'nyumba zimenezi si tsiku lolowa, koma lotuluka. Mwana wokulira pakhomo pa makolo ake amachoka pang'onopang'ono, ndipo zikamvuta amabwerera kukadya nsima kwa amake. Mwana wa m'nyumba yosungiramo ana akakwanitsa zaka 18 kapena akamaliza sukulu, amatuluka ndi chikwama chimodzi, bedi lake nkupatsidwa wina. Ine ndinatuluka mu 2008 ndisakudziwa mtengo wa pamela kapena wa malasha, ndisakudziwa kukambirana lendi ndi mwini nyumba, ndipo nsima imene ndinkadziwa kuphika inali ya mumphika wa anthu makumi asanu.

Chovuta china chinali reji. Chitupa chimenechi munthu amayenera kutenga ali ndi zaka 16, ndipo pamafunika kutchula mudzi, mfumu ndi boma la kwanu, komanso wachibale wokuchitira umboni. Ine ndinafika zaka 18 ndilibe, pakuti za mudzi wa amayi ndinkangodziwa kuti uli ku Katete. Popanda reji palibe ntchito yolembedwa, palibe buku la kubanki, palibe koleji. Pa nthawiyo akulu anga anali atatuluka kale ndipo ankawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Kalingalinga. Iwo ndiwo anataya masiku a ntchito kuyenda nane ku George ndi ku Matero, kufunsa khomo ndi khomo, mpaka tinapeza azakhali a amayi anga, nkhalamba imene inalira itandiona ndipo inatchula mudzi ndi mfumu mosakayika. Anandisunganso miyezi isanu m'kachipinda kawo ku Mtendere, nandiphunzitsa ntchito imene ndikudyera mpaka lero.

Malangizo a United Nations a 2009 okhudza ana osakhala ndi makolo awo amanena kuti malo abwino a mwana ndi m'banja, ndiponso kuti wotuluka m'nyumba yosungiramo ana akonzekeretsedwe nthawi ikadalipo ndi kuthandizidwabe atatuluka. Asisitere athu, kudzera m'bungwe lawo la Zambia Association of Sisterhoods, ali ndi ntchito yotchedwa Catholic Care for Children, yobwezera ana kwa abale awo kumene kuli kotheka. Ntchito imeneyi njabwino, koma njofuna kudekha. Mwana amene wakhala zaka zisanu kutali ndi kwawo amabwerera ngati mlendo, ndipo abale nawo amamuopa. Apanso munthu amene anabwererapo kwawo, nadziwa kuwawa ndi kukoma kwake, ali ndi mawu amene ena alibe.

Nanga ife a m'maparishi?

Loweruka lililonse masana, ine ndi anzanga anayi amene tinakulira m'nyumba zotere timapita kukacheza ndi anyamata a nyumba ina. Timasewera nawo mpira, timaona makope awo, ndipo amene atsala chaka chimodzi kuti atuluke timapita nawo kumsika ndi ndalama yowerengeka kuti aphunzire kugula za sabata yathunthu. Timafufuza amene alibe reji kapena setifiketi ya kubadwa. Wina akatiuza chodandaula, timapita nacho kwa oyang'anira. Nthawi zina ndalama ya basi imatisowa, ndipo timayenda pansi.

Akhristu anzanga, matumba a ufa ndi zovala zimene mumapereka pa Khirisimasi nzothandiza ndithu, ndipo tikuthokoza. Koma ana amenewa amafunanso anthu amene adzawadziwabe dzina mu Febuluwale. Inu amisiri a matabwa, osoka ndi okonza magalimoto, tengani mnyamata kapena mtsikana mmodzi wotuluka kuti aphunzire ntchito m'manja mwanu. Inu eni nyumba za lendi, mlezereni mtima miyezi yoyamba. Inu a mabungwe a amayi, funsani asisitere za mabanja amene alandiranso ana awo, mukawayendere. Inu a magulu a achinyamata, itanani ana a m'nyumba zimenezi m'kwaya ndi m'mpira wanu monga anzanu, osati monga anthu omvetsa chisoni. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Pa msonkhano wotsatira wa mphakati wanu, funsani ngati pakati panu pali wachinyamata amene anakulira m'nyumba yosungiramo ana. Mwina alipo, amakhala pabenchi yakumbuyo, ndipo sananenepo poopa kusekedwa. Mukampeza, mumpatse mpata wolankhula, ndipo ngati ali ndi mtima wokayendera ang'ono ake amene akadali m'nyumbamo, msonkhereni ndalama ya basi.