Chambo cha m'botolo ku South Kensington

Tinatsika sitima ya pansi panthaka pa South Kensington mvula ikuwaza, ine ndi mwana wa achemwali anga amene ndinafikira kwake ku Leicester. Iye ankafuna kundionetsa mafupa a namgumi opachikidwa kudenga m'holo yaikulu ya Natural History Museum, chinyumba cha njerwa zosemasema chimene chinatsegulidwa mu 1881. Namgumiyo ndinamuonadi, mamita oposa 25 kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo khosi linandipweteka ndi kuyang'ana kumwamba. Koma ine mtima unali kuseri, kumene kumasungidwa zinthu zimene alendo ambiri sazidziwa n'komwe.

"Amalume, mwabwera ulendo wonsewu kudzaona nsomba zakufa?" anandifunsa tikugula matikiti a ulendo wa m'nyumba ya sipiriti.

Ndinamuyankha kuti inde, chifukwa zina mwa nsombazo ndi zakwathu.

Nyumbayi ndi mbali ya Darwin Centre, ndipo inatsegulidwa mu 2002. Chitseko chitangotseguka chinatilandira ndi fungo, lija la kuchipatala, kenako kuzizira. Mayi amene ankatitsogolera anafotokoza kuti zipinda amazisunga zozizira dala kuti sipiriti asauluke msanga komanso kuti asagwire moto. M'mashelefu otalika makilomita pafupifupi 27 muli zamoyo pafupifupi 22 miliyoni zoviikidwa m'mabotolo: njoka, achule, mileme, nkhanu, nsomba. Tinadutsa nyamayi wamkulu wa m'nyanja ya mchere amene anamupatsa dzina loti Archie, wogwidwa kufupi ndi zilumba za Falkland mu 2004, atagonekedwa m'thanki yake yoonekera mkati, mamita 8.62. Tinaonanso timabotolo ta zinthu zimene Charles Darwin anatola paulendo wa chombo cha Beagle. Alendo anzathu onse anatulutsa mafoni pamenepo.

Ine chinandigwira ndi ntchito yake. Nsomba ikabwera amayamba aiumitsa ndi fomalini, mankhwala omwe aja a kumochale, kuti mnofu usawole. Akaitsuka amaisamutsira mu sipiriti wosungunula ndi madzi pang'ono. Kapepala kolembapo dzina, malo, tsiku ndi amene anaigwira amakaponya m'botolo momwemo, kolembedwa ndi inki yosasuluka, chifukwa pepala lomata kunja limatha kumatuka, ndipo nsomba yopanda pepala ili ngati mlendo wosadziwika mudzi. Zikatero ntchito siinathe ayi. Chivindikiro chikalekeza pang'ono sipiriti amauluka mwakachetechete, mutu wa nsomba n'kutulukira pamwamba, n'kuuma. Ndiye pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyenda m'mizere imeneyi, botolo ndi botolo, kuyeza mphamvu ya sipiriti, kuthiramo wina, kusintha zivindikiro. Akafika kumapeto amayambiranso. Ndinakumbuka agogo anga aakazi ku Nkhotakota, momwe ankayendera nkhokwe m'mawa kumvetsera ngati anankafumbwe alowa.

Ndinafunsa za nsomba za m'nyanja ya Malawi. Mayiyo analoza mizere ya makabati otseka imene alendo salowamo, kumene kumafika ofufuza okha. Sindinadandaule. Ndinaima poteropo ndikudziwa zimene zili mkatimo. John Kirk, dokotala wa paulendo wa David Livingstone, anatola nsomba kunyanja kwathu n'kuzitumiza ku London, ndipo mu 1864 Albert Günther analemba za izo. Mtundu wina wa chambo, Oreochromis squamipinnis, dzina lake la sayansi linachokera pa nsomba zimenezo. M'zaka za 1925 ndi 1926 Cuthbert Christy anasonkhanitsa zina zambirimbiri, ndipo mayi wina wa pamyuziyamu pomwepa, Ethelwynn Trewavas, anakhala nazo pansi kuwerenga mamba, mano ndi minga mpaka mu 1935 anatulutsa kaundula wa nsomba za banja la chambo ndi mbuna za m'nyanjayi. Mu 1939 iye mwini anafika ku Nyasaland. Mayina a karongae ndi lidole, mitundu inanso ya chambo, anapereka ndi iye.

Apa mpomwe pali phata. Nsomba imene katswiri anagwiritsa ntchito popereka dzina imakhala mboni ya dzinalo mpaka kalekale. Wofufuza wa ku Monkey Bay akakayikira ngati nsomba imene wagwira ndi yatsopano kapena yodziwika kale, mlandu umakathera pa botolo lija. Likauma, mboni yafa.

Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo imeneyi m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Aliyense wogula ndiwo pamsika wa Mangochi akudziwa kale zimenezi popanda kuuzidwa ndi bungwe: chambo chachepa, chadula, ndipo chimene chikupezeka ndi tiana. Zinandiwawa kuima m'chipinda chozizira ku London ndikuganiza kuti lidole wa m'botolo akusamalidwa bwino kuposa abale ake a m'madzi. Zinandiwawanso kuti mwana wa ku Makanjira wofuna kuphunzira nsomba za kwawo ayenera kufuna viza kuti akaone mboni zake. Komabe sindingathe kunyoza anthu amene akhala akuthira sipiriti m'mabotolowa mibadwomibadwo, nkhondo ziwiri zikuluzikulu zikudutsa. Kwathu tili ndi nkhokwe zathu, monga National Herbarium ku Zomba kumene amasunga zomera zoumitsa pamapepala, ndipo ogwira ntchito kumeneko amafunika zomwezi: magetsi osazimazima, mankhwala othamangitsa tizilombo, ndi malipiro oti munthu akhalitse pantchito mpaka adziwe kabati iliyonse.

Titatuluka mvula inali itakata. Mwana wa achemwali uja anakhala chete mpaka pamasitepe a siteshoni, kenako anati: "Amalume, lidole ameneyu inu munamudyapo?"

Ndinamuuza kuti mwina ndili mwana, kwa agogo, koma nthawi imeneyo chilichonse tinkangoti chambo. Sitima inabwera yodzaza, tinaimirira mpaka King's Cross.