Kagalu kamakutu olendewera si mlonda

Ntchito yanga ndi yosambitsa, kupesa ndi kumeta agalu. Kwathu kuno kwa Champiti anthu amaseka ndikanena zimenezi, poti galu wakuno amadziwika ndi kulondera pakhomo, kuingitsa anyani kumunda ndi kupita kuuzimba, ndipo akasamba ndiye kuti mvula yamupeza panjira. Lusoli ndinalitola ku Joni, pamalo ena okonzerapo agalu mu Johannesburg. Masiku ano amene amandiitana ndi mabwana a m'tauni, ndipo ndimakwera minibasi pa M1 kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, chipeso ndi sizasi zili m'chikwama.

Mwa agalu onse amene adutsa m'manja mwanga, amene eni ake amamulakwira kwambiri ndi Cavalier King Charles Spaniel. Dzinali ndi la Charles II, mfumu ya ku England yomwe inalamulira kuyambira 1660 mpaka 1685 ndipo inkakonda tiagalu totere. Kakakula kamalemera makilogalamu 6 mpaka 8 basi. Maso ake ndi aakulu, ubweya wosalala, makutu aatali olendewera. Kena kamakhala koyera kamawanga ofiirira, kena kamitundu itatu, kena kakuda ndi kufiirira, kena kofiirira thupi lonse.

Kagalu aka sikadziwa mdani. Wakuba atalowa m'nyumba kangomugwedezera mchira. Chomwe kamafuna ndi munthu: kukhala pamiyendo panu, kukutsatirani kukhitchini, kusewera ndi ana. Mukakatsekera kokha tsiku lonse kamalira ndi kutafuna nsapato, osati chifukwa cha mwano koma kusungulumwa. Sikafuna kukalipiridwa kapena ndodo. Kachidutswa ka nyama ndi mawu oyamikira ndi zokwanira kuti kaphunzire. Komabe magazi a uzimba akadalimo. Kakaona nkhuku kamangoliyatsa liwiro osayang'ana galimoto, choncho pamsewu kazikhala pachingwe.

Ntchito yeniyeni ili kumakutu. Ubweya wa kuseri kwa khutu, m'khwapa ndi kumchira umapotana msanga, makamaka kagalu kakadutsa pachisoso. Ndimayamba ndapesa ndisanathire madzi, chifukwa madzi amalimbitsa mfundo. Ndimagwira ubweya ndi zala ziwiri pafupi ndi khungu kuti kasamve kuwawa, n'kumamasula kuyambira kunsonga. Mfundo ikakana, ndimalowetsa chipeso pakati pa mfundoyo ndi khungu, kenako n'kudula pamwamba pa chipesocho, poti khungu la pamenepo ndi lopyapyala ngati khoko la anyezi. Ndikatero ndimatukula khutu n'kununkhiza. Khutu labwino silinunkha. Likamatulutsa fungo lowawasa, m'kati muli mofiira, galuyo akupukusa mutu, ndimauza mwini wake kuti apite naye kwa dokotala wa ziweto. Sopo wochapira zovala sindigwiritsa ntchito, amaumitsa khungu. Ndikatha kusambitsa ndimapukuta mpaka makutu aumiretu, chifukwa chinyezi cha m'khutu lotsekeka chotere n'chomwe chimabala matenda.

Kuno kwathu adani ake ndi nkhupakupa ndi mphutsi. Nkhupakupa zimabisala m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo zimafalitsa matenda othetsa magazi. Galu akafooka, tukulani mlomo muone nkhama. Zikayererako musagone naye, pitani naye kwa dokotala. Mphutsi zimachuluka m'dzinja galu akamagona pa dothi. Pachotupapo ndimapaka Vaseline kuti mphutsiyo isowe mpweya, kenako ndimafinya pang'onopang'ono. M'mwezi wotentha wa Okutobala kagaluka muziyenda nako m'mamawa kapena dzuwa litapepa.

Kagaluka n'kosusuka, ndipo maso akewo amanyengerera. Mukagonja kamanenepa, mtima n'kulemedwa. Ndiwo zotsala zokhala ndi anyezi, chokoleti ndi mafupa a nkhuku ophika musakapatse. Matenda a mtima ndi a kumtundu: ambiri akamakula amayamba kutsokomola usiku ndi kupuma mwawefuwefu. Ena amabadwa ndi chigaza chopanikiza ubongo, ndipo mumawaona akukanda m'malere pafupi ndi khosi. Mavutowa ndi aakulu moti mu 2023 khoti lalikulu la ku Norway linaletsa kubereketsa mtunduwu m'dzikomo. Pogula, funsani za umoyo wa make ndi bambo wake, ndipo dokotala azimvetsera mtima wake chaka ndi chaka.

Katemera wa chiwewe sasankha galu wapasofa kapena wapakhonde, onse abayitseni. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, athamangire kuchipatala.

Ngati mukufuna mlonda, tengani galu wathu wakumudzi, mumudyetse bwino ndi kumuchotsa nkhupakupa, sadzakukhumudwitsani. Kamakutu olendeweraka katengeni pokhapokha ngati pakhomo panu pali munthu woti azikhala nako ndi kukapesa, komanso ndalama ya dokotala, kwa zaka khumi kapena kuposerapo.