Kuyimba za Mvula ndi Ana Ang'ono

Ine ndaphunzitsa ana ang'ono zaka zambiri kuno kum'mawa kwa Zambia, ndipo ndaona kuti nzeru za mvula zimalowa mwa mwana podzera m'manja ndi m'mapazi ace. Ukamuuza ndi pakamwa pokha, amaiwala dzuwa lisanalowe.

Mwezi wa Novembala, mitambo ikayamba kuda, timaturuka pabwalo ndi kuyamba nyimbo. Ana amagwada pansi, ndiwo madzi a m'dambo. Mmodzi amakhala dzuwa, ndipo akawatambasulira manja, onse amadzuka pang'onopang'ono monga nthunzi, nagwirana kukhala mtambo. Pamenepo zala zimatsika zikugwedezeka. Cala cimodzi pa cikhato ndico mawawa, kuomba m'manja ndiyo mvula yamphamvu, kuponda pansi ndilo bingu.

Gawo limene ndimalisamala koposa ndi la mphenzi. Mphenzi imakonda kugwera pa cinthu cacitali coima pacokha, koma mwana woweta mbuzi akaona mvula amathamangira patsinde pa mtengo. Cifukwa cace m'nyimbo yathu mwana mmodzi amaima tsonga, manja m'mwamba, kukhala mtengo. Bingu likagunda, anzace onse amamthawa, nalowa m'nyumba. Tikabwereza tsiku ndi tsiku, miyendo imazolowera njira yopulumukira.

Inu amene mwatsiriza sukulu, muli ndi ang'ono anu kumudzi. Pekani nyimbo zanu, mubvine nao dzinja lisanakhwime, pakuti kuongola mtengo mpoyamba.