Maluwa a pa Mazenera ku Mapiri a Neno

Owerenga athu, mukadzafika ku Neno musadzathere pa Boma pokha ai. Mudzakwere mseu wopita kwa Mfumu Dambe, ku mapiri a Kirk Range, kufupi ndi malire a Mozambique. Neno linakhala boma palokha m'chaka cha 2003, litapatulidwa ku Mwanza. Kumtunda kumeneko ndi kozizira, ndipo anthu amalima mbatata ya kachewere, tirigu ndi chimanga m'minda ya pa matsitso.

Polowa m'mudzi mudzayang'ane mazenera. Pa nyumba zina mudzaona maluwa ofiira ali m'zitini zakale, m'zigubu zodula pakati ndi m'mbiya zong'aluka. Amai amawaika pamenepo chifukwa mbuzi ndi nkhuku sizifikapo. Ambiri mwa maluwawa ndi a mtundu wa geranium, umene kwao kweni-kweni ndi ku South Africa. Safuna ndalama. Mai amapempha kanthambi kwa mnzake, nakatsimika m'dothi, ndipo kamaphuka mizu.

Kapena wina adzati, "Kodi maluwa amadyedwa?" Inde sadyedwa, koma taonani nchito imene iri m'kachitini kamodzi. Poyamba amaboola pansi ndi msomali kuti madzi azituluka, naikamo timiyala. Kenaka amasakaniza mbale 2 za dothi lapamwamba, mbale 1 ya manyowa owola bwino ndi mbale 1 ya mchenga. Amathirira ndi madzi otsukira ndiwo, osati a sopo. M'miyezi ya June ndi July, kukazizira kwambiri, amalowetsa zitinizo m'nyumba usiku. Ndipo salola madzi kudikha m'kambale ka pansi, pakuti udzudzu umaswana m'madzi odikha pa masiku ngati 10 okha.

Tsono imeneyi ndiyo nchito yomwe ya nazale ya mitengo, palibe kusiyana. Ndipo mitengo ndiyo ikusowa m'mapiri athu. Pamene nkhalango zadulidwa chifukwa cha makala ndi minda yatsopano, mvula imakokolola chonde kupita nacho ku Lisungwi ndi ku Wamkulumadzi, ndipo mitsinjeyo imakatula dothi lathu mu Shire. Munda umatsala miyala yokha-yokha, ana nagona ndi njala.

Chifukwa chake tikuti kwa inu abambo, musaseke maluwa a akazi anu. Munthu amene wasunga duwa m'chitini chirimwe chonse osauma, akhozanso kulera mbande 20 za mitengo. Pambali pa chitini cha maluwa ikani zitini zina. Fesanimo njere za mandimu. Zikakula ngati chala, mlangizi adzakuonetsani kumezanitsa kwake ndi nachesi, chipatso chimene chimabweretsa ndalama m'dera lino ndi ku Mwanza. M'zitini zina fesani mitengo ya nkhuni, kuti mudzaoke m'mbali mwa munda mvula ikakhazikika m'December. Ana nawonso apatseni aliyense chitini chake, pakuti akulu anati m'mera m'poyamba.

Inu a kuchigwa, ku Zalewa ndi ku Lisungwi, kwanu kumatentha, choncho ikani zitini pa mthunzi wa khonde ndi kuthirira madzulo. Sonkhanitsani zitini lero lomwe, musadikire mvula.