Kupatsa Nkuika

M'chaka cha 1999 ku Alabama, m'dziko la Amereka, kunali mnyamata wina dzina lake Mark Spencer, wophunzira pa yunivesite ya Auburn. Iyeyu adatsegula kakampani kothandiza anthu amene makompyuta awavuta. Ntchito yotere imayenda ndi lamya, choncho padafunika makina olandira mafoni ndi kuwagawa kwa antchito. Atafunsa mtengo wake, adangogwira pakamwa. Ndalama zotero analibe.

Wina akadatseka kampaniyo nkubwerera kwawo. Koma Spencer adakhala pansi nalemba yekha malangizo oti kompyuta wamba izigwira ntchito ya makina odulawo. Malangizo otere amatchedwa pulogalamu, koma osati ya pa wailesi ai. Yakeyo adaitcha Asterisk, dzina la kanyenyezi kaja timakaona pa mabatani a foni.

Apa ndi pamene padagona mayesero. Chinthu chimene adapangacho chinali chuma, ndipo akadatha kuchibisa monga ena amabisira mbeu yabwino kuti anzao azidzagwada pakhomo. Iye sadatero. Adachipereka poyera ndi pangano lakuti aliyense atenge, agwiritse ntchito, akonze pamene palakwika, koma akachigawira ena asabise zimene wasinthazo.

Kodi sadaluze pamenepa? Tamvani zimene zidatsatira. Katswiri wina, Jim Dixon, adali atapanga tizipangizo totchipa tolumikiza kompyuta ku mawaya a lamya, ndipo ntchito yake adaitcha Zapata pokumbukira Emiliano Zapata, amene adamenyera alimi a ku Mexico kuti akhale ndi minda yao. Nzeru za awiriwa zidakumana. Anthu a m'maiko osiyanasiyana, ambiri osadziwana nkomwe nkhope, adayamba kutumiza zokonza zao popanda malipiro. Kampani ya Spencer idatenga dzina lakuti Digium niyamba kugulitsa zipangizo zoyendera pulogalamu yaulereyo, mpaka m'chaka cha 2018 pamene kampani ya ku Canada yotchedwa Sangoma idaigula.

Tisanamizane kuti m'gululi munalibe mikangano. Pamene pali anthu sipalephera kusiyana maganizo. Mmodzi mwa amene adathandiza kwambiri, Anthony Minessale, adaona kuti maziko a Asterisk ayenera kumangidwa mwa njira ina. Sadagwetse nyumba ya mnzake, koma adakamanga yake, ndipo m'chaka cha 2006 adatulutsa FreeSWITCH, nayonso yaulere.

Mbeu ikachoka m'manja, mwini sadziwa munda umene ikamere. M'mapiri a Oaxaca, ku Mexico kuja kwa Zapata, muli mudzi wotchedwa Talea de Castro. Makampani akuluakulu a mafoni adaudumpha poti anthu ake ngochepa ndipo kulibe phindu. M'chaka cha 2013 anthu a m'mudzimo, mothandizidwa ndi bungwe la Rhizomatica, adaimika mlongoti wao, nauyendetsa ndi mapulogalamu aulere a mtundu womwewu. Mau awo ankadutsa pa intaneti, kotero kuti mai amatha kulankhula ndi mwana wake wogwira ntchito ku Amereka pa ndalama zochepa.

Abale, ife tonse tikudziwa kuwawa kwa kukwera chulu kusaka netiweki pamene uthenga wa matenda ukudikira. Nchifukwa chake nkhani ya Spencer njofunika kuimva. Iye sadaganize za mudzi wa m'mapiri pamene amalemba pulogalamu yake; amangofuna kuti mafoni a makasitomala ake asatayike. Chimene adachita bwino nchakuti atathetsa vuto lake, sadatseke chitseko. Nawo amene adatola adabweza kanthu m'lichero, ndipo nchifukwa chake ntchitoyi ikadali moyo mpaka lero. Akadakhala ongotola okhaokha, ikadafa kalekale.

Akuluakulu adati kupatsa nkuika. Amene ali ndi nzeru yokonzera mjigo kapena yosungira mbeu m'mudzi muno, aganizire bwino asanaitengere kumanda.