Kamtengo Kanga ka m'Cidebe

Kale ndinali mphunzitsi mu Lusaka. M'mbali mwa miseu ina ya mumzindawu muli mitengo ya jakaranda. Mu Okutobala maluwa ake amagwa ndi kuyala pansi ngati mphasa. Mitengo imeneyi inacokera kutali, ku South America. Sitidya zipatso zake. Timaibzala cifukwa ca kukongola ndi mthunzi wake.

Tsiku lina ndinatola njere ya jakaranda. Ndinaifesa m'cidebe cakale. Patapita masabata atatu, kamtengo kanamera. Timasamba take tinali ting'onoting'ono ngati ta bwemba. Ndinaganiza zokapatsa amai kuti pakhomo pao pakhale mthunzi.

Sukulu itatsekedwa mu Ogasiti, ndinakwera basi kupita ku Rufunsa. Tinadutsa Chongwe ndi Chinyunyu, cidebe cili pamiyendo panga. M'mbali mwa mseu wa Great East ndinaona masaka ambiri a malasha. Ndinagwiritsa cidebe canga.

Kumudzi dzuwa linali kuwala kwambiri. Ndinaopa kuti kamtengo kauma. Conco ndinali kukathirira m'mawa, masana ndi madzulo. Patapita masabata awiri, masamba anasanduka acikasu. Ena anayamba kuthothoka. Mtima wanga unawawa.

"Amai, kamtengo kanga kafa!" ndinalira.

Amai ananyamula cidebe ndi kuyang'ana kunsi kwake. Anaseka.

"Iwe mwanangu, madzi atulukira kuti? Wakamiza kamtengoka. Mizu nayonso imafuna mpweya."

Ndinacita manyazi. Ine mphunzitsi, ndinaiwala kuboola cidebe!

Amai anatenga msomali ndi mwala. Anaboola mabowo asanu kunsi kwa cidebe. Madzi onunkha anatuluka. Kenaka tinaika timiyala pansi. Pamwamba pake tinathira dothi latsopano losakaniza ndi mcenga ndi manyowa ouma.

"Manje mvera," anatero amai. "Usanathirire, pisa cala m'dothi. Ngati ndi lonyowa, leka. Ngati ndi louma, thirira."

Tinaika cidebe pamene pamafika dzuwa la m'mawa. Tinacinga ndi minga kuti mbuzi zisadye masamba. Tsiku lililonse ndinali kupisa cala m'dothi. Tsiku lobwerera ku Lusaka, ndinaona kamphukira kamodzi kobiriwira. Ndinavina!

Amai anapitiriza kukasamalira. Mu Disembala mvula itagwa, ndinapitanso kumudzi. Mizu inali itatulukira m'mabowo aja. Cidebe cinacepa. Tinakumba dzenje patali ndi nyumba, cifukwa mizu ya jakaranda imayala kwambiri. Tinacotsa kamtengo pamodzi ndi dothi lake ndi kukabzala.

Lero mtengo uja ndi wautali kuposa denga. Amai amakhala pamthunzi pake posenda nshawa. Ndikafika amanditcha, "Aphunzitsi oiwala mabowo!"

Kodi iwe uli ndi cidebe cakale kunyumba? Uyambe waciboola.

Yankha mafunso awa:

1. Kodi mitengo ya jakaranda timaibzala cifukwa ciani?
2. N'cifukwa ciani masamba anasanduka acikasu?
3. Kodi amai anaboola mabowo angati?
4. Ungadziwe bwanji kuti kamtengo kafuna madzi?
5. Chula mitengo iwiri ya mthunzi imene ili kwanu.